Rolls-Royce Silver Shadow: galimoto yolimba chonchi imavutiranji kusamala?

Amene amakonda kuyang'ana mitengo ya magalimoto akale a ku Britain amakumana ndi chinthu chozunguza mutu. Mupeza Rolls-Royce Silver Shadow ya m'ma 1970, penti ili phuliphuli, mipando yachikopa, dashibodi yamatabwa, koma mtengo wake wochepa kuposa wa kagalimoto katsopano kotengera ana kusukulu. Pambali pake mupezanso inzake, chaka chimodzimodzi, maonekedwe amodzimodzi, mtengo wake wowirikiza kangapo. Mukafunsa odziwa, amayankha zosiyana. Ena amati galimoto yopangidwa molimba ngati iyi ndi yosowa. Ena amati woigula wadzigulira umphawi. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo kuti izi zimveke tiyenera kuyang'ana chiwalo chimodzichimodzi cha galimotoyi ndi mmene zaka zimachidyera.

Kulimba ndi kusavuta ndi zinthu ziwiri

Galimoto yolimba ndi imene ziwalo zake zikuluzikulu, monga injini ndi giyabokosi, zimatenga zaka zambiri zisanathe, ndipo zikatha zimatheka kuziphwasula, kuzikonza, n'kubwerera mwakale. Galimoto yosavuta ndi imene imalira m'mawa uliwonse ngakhale mwini wake wadumphitsa sevisi kawiri. Toyota Corolla yakale ndi chitsanzo cha gulu lachiwirili: opanga ake ankadziwa kuti idzagwera m'manja mwa anthu otanganidwa, ena opanda ndalama, ndiye adaipanga yopirira kunyalanyazidwa. Silver Shadow ili m'gulu loyamba. Idapangidwira munthu amene sadzadumphitsa sevisi.

Maganizo amenewa adayambira kutali. Charles Rolls ndi Henry Royce adakumana ku Manchester mu 1904, ndipo mbiri ya kulimba kwa magalimoto awo idakhazikika mu 1907, pamene galimoto yotchedwa Silver Ghost idayenda mamailosi pafupifupi 15,000 ikuyang'aniridwa ndi akuluakulu a bungwe la oyendetsa magalimoto la RAC. Ataiphwasula kuti aone zimene zidadyeka, zofunika kusintha zidangokwana mapaundi awiri ndi pang'ono. Nkhaniyi imatchulidwa mpaka lero. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti galimoto yotere inkakhala ndi dalaivala wolembedwa ntchito, amene mbali yaikulu ya ntchito yake inali kuthira oyilo ndi girisi m'malo ambirimbiri, kumanga zomasuka, ndi kumvetsera phokoso lililonse lachilendo. Kampaniyo idatsegula ngakhale sukulu yophunzitsa madalaivala ndi amakaniko kasamalidwe ka magalimoto ake. Kulimbako kunalipodi, koma kunkadalira kuti pakhale munthu amene akuyang'anira galimotoyo nthawi zonse, ndi wina amene akulipira.

Bodi yopanda chasisi, ndi dzimbiri

Silver Shadow idatuluka mu 1965 ndipo idapangidwa mpaka 1980 ku fakitale ya ku Crewe, ku England. Adapanga zoposa 30,000, chiwerengero chimene Rolls-Royce inali isanafikepo ndi mtundu wina uliwonse. Inali ndi mapasa ake otchedwa Bentley T, osiyana nayo kwenikweni pamphuno pokha.

Chachilendo chachikulu pa galimotoyi chinali kamangidwe ka bodi. Magalimoto a Rolls-Royce akale ankamangidwa ngati mmene amamangira lole kapena pikapu: pansi pali chasisi cha zitsulo zochindikala, pamwamba aikapo bodi. Bodi ikawola, chasisi chimatsala chilili, ndipo mutha kuikapo ina. Pa Silver Shadow adasiya njira imeneyi koyamba. Pansi, mizati, denga ndi mbali zonse adaziwotcherera pamodzi kukhala bokosi limodzi, ndipo bokosilo ndilo limanyamula kulemera konse, monga zilili pa magalimoto ang'onoang'ono a masiku ano. Ubwino wake unali woonekeratu: galimoto idafupika ndi kutsika pang'ono koma mkati malo adachuluka. Kuipa kwake kudadzaoneka patapita zaka. Pa bodi yotere dzimbiri silingoipitsa maonekedwe, limadya mphamvu ya galimoto yeniyeniyo.

Ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yozizira kuti madzi asaundane, ndipo matope amchere amakakamira kunsi kwa galimoto. Malo amene amayamba kuwola pa Silver Shadow ndi odziwika bwino: zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa malo a matayala, pansi pamene pamaponda mapazi, pansi pa buti, ndi timbale timene masipuling'i akumbuyo amakhalapo. Malo omalizawa ndi oopsa, chifukwa akabooka sipuling'i imatha kupyola. Makapeti ochindikala aubweya amene amakometsa mkati amasunganso madzi olowera pa labala wa galasi lakutsogolo, ndipo chitsulo chimawolera kunsi kwake mwini wake osadziwa. Magalimoto ena adawakuta denga ndi chinsalu cha pulasitiki chotchedwa Everflex. Madzi akalowa kunsi kwake, chimayamba kutupa timatuza, ndipo mukachisenda mumapeza denga ladyeka.

Palinso vuto lina limene limadabwitsa anthu. Zitseko, boneti ndi chitseko cha buti ndi za aluminiyamu, imene sichita dzimbiri lofiira lija. Koma aluminiyamu ikakhudzana ndi chitsulo chamtundu wina pamalo achinyezi, pamayenda timagetsi tochepa kwambiri ndipo aluminiyamuyo imadyeka, n'kusanduka ufa woyera. N'chifukwa chake penti imatupa mozungulira zogwirira zitseko. Galimoto imene yakhala kumalo ouma, monga ku Johannesburg kapena mkati mwa California, imapulumuka ku zambiri mwa izi, koma kumeneko dzuwa limaumitsa chikopa ndi kung'amba vanishi wa matabwa.

Mtima wa nkhani: mabuleki a mphamvu ya pampu

Apa ndiye pamene ndalama zambiri zimapita, ndipo ndi pamene amakaniko ozolowera magalimoto wamba amasokonekera.

Pa galimoto wamba, mukaponda buleki phazi lanu limakankha pisitoni, pisitoniyo imakankha buleki fuluwidi m'mapaipi mpaka kumatayala. Pali chothandizira kuti musavutike, koma gwero la mphamvu ndi mwendo wanu. Pa Silver Shadow sizili choncho. Injini ikamalira imayendetsa mapampu awiri ang'onoang'ono okhala pamwamba pake, ndipo mapampuwo amapanikiza fuluwidi mpaka kufika pa mphamvu ya pafupifupi 2,500 psi. Tayala la galimoto timalipopa cha m'ma 30 psi, ndiye mphamvu imeneyi ndi yowirikiza pafupifupi 80. Mukaponda buleki simukankha fuluwidi ayi, mumangotsegula mavavu amene amalola fuluwidi wopanikizika kale uja kuthamangira kumatayala. Mavavuwa ali m'bokosi lokhala kunsi, cha pansi pa dalaivala, limene amakaniko a ku Britain adalipatsa dzina loti msampha wa makoswe chifukwa cha timikono ndi timasipuling'i take.

Luso limeneli Rolls-Royce idalitenga mwachilolezo ku kampani ya ku France ya Citroën, imene idatchuka nalo pa galimoto yake ya DS ya 1955. Citroën idachotseratu masipuling'i achitsulo, galimoto n'kumakhala pa fuluwidi ndi mpweya. Rolls-Royce sidafike pamenepo. Idasunga masipuling'i, n'kugwiritsa ntchito mphamvu ya fuluwidi pa zinthu ziwiri: mabuleki, ndi kukweza galimoto kuti ikhale yowongoka ikanyamula anthu ndi katundu. Poyamba zokwezazi zinali kutsogolo ndi kumbuyo komwe, koma mu 1969 adachotsa zakutsogolo ataona kuti sizinkagwira ntchito yambiri.

Nanga injini ikazima galimoto ikuyenda, mabuleki amagwira ndi chiyani? Yankho lili mu timipira tiwiri tachitsulo tomangiriridwa m'mbali mwa injini. Mkati mwa kampira kalikonse muli chikopa chalabala chogawa pakati: mbali ina kuli mpweya wa nayitirojeni wopanikizika pa 1,000 psi, mbali inayo kumalowa fuluwidi. Pampu ikamakankhira fuluwidi mkati, mpweya uja umafinyika, ndipo umakhala wokonzeka kumukankhanso pamene wafunika. Zili ngati thanki ya madzi imene anthu amaiika pamwamba pa nsanja kuseri kwa nyumba: madzi akasiya kubwera m'mipope, thankiyo imakupatsanibe madzi kwa kanthawi. Kusiyana kwake n'kwakuti thanki ikamatha mumaona, pamene timipira iti timatha mwakachetechete. Chaka ndi chaka nayitirojeni amathawa pang'onopang'ono kudzera mu labala uja. Galimoto imapitirizabe kugwira mabuleki bwinobwino injini ikamalira, chifukwa pampu ikugwira ntchito, koma nkhokwe ija kulibe. Tsiku limene injini idzazime pamtsetse, galimoto yolemera matani awiri idzakhala ndi mabuleki ochepa kwambiri.

Ogula odziwa ali ndi kayesedwe kake. Amaliza injini kwa mphindi zingapo, n'kuizimitsa, n'kutsegulanso kiyi osaliza, kenako amayamba kuponda buleki mobwerezabwereza akuwerenga, maso ali pa timagetsi tiwiri tochenjeza ta pa dashibodi. Timipira tikakhala tabwino, munthu amaponda kambirimbiri timagetsito tisanayake. Tikayaka atangoponda kangapo, ndiye kuti nkhokwe idatha. Tikapanda kuyaka n'komwe, chimenecho si chizindikiro chabwino: mwina masiwichi ake adafa, mwina wina adadula waya kuti wogula asaone.

Mainjiniya a ku Crewe sankachita izi mosaganiza. Adaika njira ziwiri zosadalirana, iliyonse ndi pampu yake ndi kampira kake, kuti ina ikaphulika inzake igwire. Magalimoto oyambirira anali ndi njira yachitatu yofanana ndi ya galimoto wamba, imene adadzaichotsa chapakati pa zaka za m'ma 1970. Tayala lililonse lakutsogolo lili ndi makalipa awiri, zitsulo zimene zimapana kuti buleki igwire. Zonsezi zikakhala bwino, mabuleki ake ndi amphamvu ndi ofewa modabwitsa kwa galimoto ya zaka zimenezo. Koma chitetezo chowirikiza chimatanthauzanso mapaipi owirikiza, mahosi alabala ambiri, ndi timalabala totsekera tosawerengeka, ndipo chilichonse mwa izi chimakalamba. Hosi yalabala imatha kuoneka yabwino kunja koma mkati itatupa, n'kumalola fuluwidi kupita koma osabwerera, buleki n'kumangogwirabe mpaka tayala kutentha. Kukonzanso dongosolo lonseli pa galimoto imene idanyalanyazidwa kumatha kudya ndalama zofanana ndi zimene munthu waigulira, nthawi zina kuposa.

Botolo lolakwika

Fuluwidi wa Silver Shadow ndi wapadera, wotchedwa RR363, amene adapangidwa ndi Castrol. Ndi wa mtundu umodzi ndi buleki fuluwidi wamba koma adamuwonjezera zotereretsa, chifukwa mapampu aja amadalira fuluwidi yemweyo kuti asadyeke. Monga buleki fuluwidi aliyense wa mtundu umenewu, amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo madziwo amachititsa dzimbiri mkati mwa mapaipi ndi mavavu. Ayenera kusinthidwa pakapita zaka zochepa, kaya galimoto yayenda kaya yangokhala.

Chisokonezo chidabwera pamene kampaniyo idasintha. Pofika 1980, pamene Silver Spirit idalowa m'malo mwa Silver Shadow, Rolls-Royce idali itasamukira ku fuluwidi wobiriwira wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi panthaka, wofanana ndi amene Citroën idayamba kugwiritsa ntchito m'ma 1960. Uyu sayamwa madzi, ndipo pamenepo ndi wabwino. Koma malabala opangidwira fuluwidi wina amawonongeka ndi mnzakeyo. Munthu wa mtima wabwino pa galaja ina akawonjezera wobiriwira mu Silver Shadow, kapena wamba mu Silver Spirit, timalabala tonse timayamba kutupa ndi kufewa, ndipo njira yokhayo ndi kuphwasula dongosolo lonse, kulitsuka, n'kusintha labala aliyense. Kulakwitsa kwa mphindi imodzi kumabala ntchito ya masabata.

Eni ena, makamaka okhala kutali ndi Britain kumene RR363 amavuta kupeza, amasakaniza okha buleki fuluwidi wamba wa DOT 3 ndi mafuta a nsatsi pang'ono. Ena amati akhala akuchita izi kwa zaka popanda vuto, ena amati mabuleki si malo oyeserera. Kusiyana maganizo kumeneku kudakalipo.

Injini imene idakhala zaka 61

Ngati pali chiwalo chimene chimayenerera mbiri ya kulimba, ndi injini. Ndi V8 imene idayamba kugwira ntchito mu 1959 mu Silver Cloud II, ya 6,230 cc, ndipo mu 1970 adaikuza kufika 6,750 cc. Itasinthidwasinthidwa kambiri, idapitirira kupangidwa mpaka 2020, pamene idathera mu Bentley Mulsanne. Kampaniyo sinkalengeza mphamvu yake, inkangoti ndi yokwanira. Chinsinsi cha moyo wake wautali n'chakuti ndi yaikulu koma imazungulira pang'onopang'ono, siipanikizidwa. Giyabokosi imene magalimoto ambiri ali nayo ndi ya General Motors ya ku America, yotchedwa Turbo Hydramatic 400, ya magiya atatu, imene idaikidwanso m'magalimoto ambirimbiri a kumeneko. Ndi yolimba, ndipo oidziwa ndi ambiri. Chimene chimavutitsako ndi kamota ka magetsi kamene kamasuntha giya mukagwedeza kandodo ka pa chiwongolero.

Kufooka kwa injiniyi kuli pa madzi. Buloko lake ndi la aluminiyamu, koma mapisitoni amayenda m'masilinda achitsulo olowetsedwa m'bulokolo, ndipo madzi oziziritsa amakhudza masilindawo mwachindunji. Kumunsi kwa silinda iliyonse kuli malabala otsekera kuti madzi ndi oyilo zisakumane. Opanga adaboola timabowo ting'onoting'ono m'mbali mwa buloko, pakati pa malabalawo, kuti labala akayamba kutha, madzi kapena oyilo zitulukire kunja munthu aone. Makaniko wodziwa galimotoyi amagona chagada ndi tochi n'kuyang'ana timabowo timeneti. Kadontho ka oyilo sikaopsa kwenikweni. Madzi akamatuluka ndiye kuti injini ikufuna kutsitsidwa. Mukapeza kabowo kotsekedwa ndi guluu kapena sikuluwu, dziwani kuti wina adafuna kubisa.

Zitsulo ziwiri zosiyana zokhala m'madzi amodzi zimadyana, monga taonera pa zitseko paja. Chimene chimaletsa ndi mankhwala a mu kulanti. Apa pali phunziro kwa ife a kumaiko otentha, kumene ambiri amaganiza kuti kulanti ndi wa kumaiko achisanu basi, ndiye amangothira madzi apampopi mu ladiyeta. Pa injini ngati iyi, madzi okhaokha amabala matope a dzimbiri amene amaunjikana mozungulira masilinda. Malo amenewo amatentha kuposa ena, silinda imafinyika, pisitoni imayamba kugogoda. Pofuna kuzula masilinda amene akakamira chotere, buloko lenilenilo limatha kung'ambika.

Za mafuta palibe chobisika. Lita imodzi ya petulo imaiyendetsa makilomita anayi kapena asanu, ndipo thanki yake imalowa malita oposa 100.

Kukhala kumaononga kuposa kuyenda

Ambiri akamagula galimoto yakale amafunsa kaye makilomita. Pa galimoto ya zaka 50 funso limenelo limasocheretsa. Silver Shadow imene yayenda kwambiri koma ikulandira sevisi nthawi zambiri imakhala yabwino kuposa imene idatsekeredwa m'galaja zaka khumi. Labala amauma akapanda kunyowa ndi kusuntha. Mapisitoni a m'makalipa amakakamira. Petulo wokhalitsa amasiya utomoni m'makabuleta awiri a SU. Matayala amaoneka atsopano koma atauma ndi kung'aluka m'mbali. Mawindo, mipando ndi zina zambiri zimayenda ndi magetsi, ndipo girisi wa m'mamota ake amauma, malumikizano a mawaya amachita dzimbiri, windo n'kumakwera ngati likudwala.

Dziko lozungulira galimotoyi lidasinthanso. Idapangidwa nthawi ya petulo wa mtovu, amene adaletsedwa ku Britain mu 2000 ndipo adatheratu padziko lonse mu 2021. Pa izi injiniyi idachita mwayi, chifukwa mipando ya mavavu ake ndi yachitsulo cholimba kale. Vuto lalikulupo ndi ethanol. Mu September 2021 Britain idayamba kugulitsa petulo wa E10, wokhala ndi ethanol wofika magawo khumi pa 100 alionse, ndipo eni magalimoto akale adalangizidwa kugula wa E5. Ethanol amayamwa madzi ndipo amadya mahosi ndi malabala akale. Kuno ku Malawi nkhaniyi si yachilendo, poti petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982, ndiye aliyense wobweretsa galimoto yakale ya ku Ulaya ayenera kuyamba ndi kusintha mahosi a mafuta. Mpweya wa R12 umene unkaziziritsa mkati udaletsedwanso potsatira pangano la ku Montreal la 1987, ndiye makina oziziritsira amafunika kusinthidwa kuti alandire mpweya wina.

Mkati mwa galimoto, chikopa cha Connolly ndi matabwa a mtengo wa walnut zimakhalitsa zikamasamalidwa. Zikawonongeka zimafuna mmisiri wa manja, ndipo manja otere ku Britain ndi okwera mtengo.

Mtengo wogulira udatsika, wokonzera sudatsike

Mu 1965 Silver Shadow inkagulitsidwa pa mapaundi oposa 6,500, ndalama zoposa mtengo wa nyumba wamba ku Britain nthawi imeneyo. Popeza adapanga zambiri, pofika m'ma 1980 ndi 1990 zogwiritsidwa kale ntchito zidachuluka pamsika ndipo mitengo idagwa. Zidafika m'manja mwa anthu amene ankatha kugula koma osatha kusamala. Zambiri adazipaka penti yoyera n'kumanyamulira akwati, zikuyenda makilomita ochepa Loweruka lokha, zikuwala kunja pamene kunsi palibe amene ankayang'anako. Mwini aliyense ankadumphitsa ntchito yodula n'kugulitsa, wotsatira n'kuchitanso chimodzimodzi. Ntchito yodumphitsidwayo sinkachoka, inkangounjikana kudikira amene adzakhale nayo tsiku limene zonse zidzafunike pamodzi. Apa ndiye pamene pamachokera kusiyana kwa mitengo kuja: galimoto yodula imabwera ndi chikwatu cha malisiti a zaka zambiri, yotsika mtengo imabwera ndi ngongole yosalembedwa. Kwa ine, mbiri yoipa ya galimotoyi idachokera kwambiri pa zaka zimenezi kuposa pa zolakwika za mainjiniya, ngakhale n'zoona kuti adasankha njira yovuta pamene yosavuta inalipo.

Za masipeya, zinthu zili bwino kuposa mmene munthu angaganizire, ngakhale mbiri ya kampaniyo ndi yokhotakhota. Mu 1971 Rolls-Royce idagwa chifukwa cha ndalama zimene idataya popanga injini ya ndege ya RB211, boma la Britain n'kuitenga. Mu 1973 mbali ya magalimoto idapatulidwa kukhala kampani payokha, ndipo mu 1980 idalowa m'manja mwa kampani ya Vickers. Mu 1998 Volkswagen idagula fakitale ya ku Crewe ndi dzina la Bentley, pamene dzina la Rolls-Royce lidapita kwa BMW, imene idayamba kupanga magalimoto atsopano ku Goodwood mu 2003. Zotsatira zake n'zakuti masipeya enieni a Silver Shadow amachokera mbali ya Bentley, osati ku Rolls-Royce ya lero. Palinso makampani apadera ngati Flying Spares ndi IntroCar amene amagulitsa atsopano, okonzedwanso, ndi ochotsedwa pa magalimoto ophwasulidwa. Bungwe la Rolls-Royce Enthusiasts' Club limasunga ku Paulerspury zikalata za mmene galimoto iliyonse idapangidwira, moti mwini wake atha kudziwa penti ndi chikopa chimene idatuluka nacho.

Chosowa kwenikweni ndi anthu. Amene adaphunzira ntchitoyi ku Crewe kapena kwa ogulitsa a nthawi imeneyo akukalamba, ndipo makaniko wa lero adaphunzira kulumikiza kompyuta kuti imuuze vuto, pamene galimotoyi ilibe polumikizira. Kwa munthu wa ku Lilongwe kapena Lusaka amene akuilakalaka, sipeya imatha kubwera pandege m'masabata ochepa, koma wodziwa kutsitsa mphamvu ya 2,500 psi asanamasule paipi sapezeka pa galaja iliyonse, ndipo kumasula paipi yotere mosadziwa kumavulaza.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi la chitetezo. Kuyambira May 2018, magalimoto ambiri opitirira zaka 40 ku Britain sakakamizidwa kupita kukayezedwa chaka ndi chaka, ndipo Silver Shadow iliyonse idadutsa kale msinkhu umenewo. Boma lidaona kuti eni magalimoto otere amawasamala ndipo amayenda nawo pang'ono. Otsutsa amati galimoto yoyenda pang'ono ndi imene mabuleki ake amafa mwakachetechete, ndipo eni ambiri amakayezetsabe mwa kufuna kwawo. Kodi lamulo limodzi lingayenerere galimoto ya mabuleki wamba ndi iyi ya mapampu ndi timipira?

Lachiwiri ndi la kusintha. Ena amaika ladiyeta yamakono, mahosi olimba, ndi zoyatsira moto zamakono, zimene sizioneka kunja koma zimachepetsa mavuto. Ena amapita patali: kampani ya Lunaz ya ku Silverstone idayamba kuchotsa injini m'magalimoto akale a Rolls-Royce monga Phantom V ndi Silver Cloud n'kuikamo mota ya magetsi ndi mabatire. Mu 2019 bungwe la padziko lonse la magalimoto akale, FIVA, lidanena kuti galimoto yosinthidwa chotere silingaitchenso ya mbiri yakale. Osintha amayankha kuti galimoto yoyenda ndi magetsi ndi yabwino kuposa yowolera m'galaja. Malire a pakati pa kukonza ndi kupanga galimoto ina ali pati, palibe amene wawalemba mokhutiritsa onse.

Lachitatu ndi la ndalama. Kukonzanso Silver Shadow yowola kumadya zambiri kuposa mtengo umene ingagulitsidwe ikatha, ndiye zambiri zimaphwasulidwa kuti zipereke masipeya kwa zinzake. Zikamachepa, mitengo ya zotsala itha kukwera mpaka kukonza kudzakhala kwa phindu, kapena achinyamata amene sadakule akuisirira atha kusaifuna n'komwe. Pamwamba pa izi pali funso la petulo woyenera injini za makabuleta, ngati adzapezekabe mosavuta pamene maiko a ku Ulaya akusamukira ku magalimoto a magetsi, ndi la RR363, amene ogula ake ndi ochepa ndipo akucheperachepera chaka ndi chaka.